Shuga watsika, koma mapazi akutenthabe usiku

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 57. Anandipeza ndi matenda a shuga zaka 8 zapitazo ndipo ndimamwa metformin. Chaka chino anandiwonjezera jakisoni wa insulin chifukwa shuga ankafika 300 n'kupitirira. Panopa m'mawa amakhala cha m'ma 130, koma mapazi ndi amene andisowetsa mtendere. Amatentha ngati ndaponda makala, nthawi zina amalasa ngati singano, ndipo usiku ngakhale bulangete likangondikhudza ndimamva ululu. Panado sakuthandiza. Mlamu wanga ali ndi shuga wokwera kuposa wanga koma samva ululu ngakhale pang'ono. Vuto n'chiyani? *Mayi wa ku Zomba*

Yankho: Pepani ndi ululuwo, mayi. Kutentha, kulasa, ululu wokula usiku ndi bulangete lopweteka ndi zizindikiro zodziwika bwino za minyewa (timaulusi tonyamula mauthenga pakati pa thupi ndi ubongo) imene yawonongeka ndi matenda a shuga. Pafupifupi theka la odwala shuga minyewa yawo imawonongeka zaka zikamapita, ndipo mwa odwala anayi kapena asanu alionse, mmodzi amamva ululu ngati wanuwu. Kuno kwathu si zachilendo. Kafukufuku wa pa kiliniki ya shuga ya chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anayeza odwala 620 ndipo pafupifupi theka anali ndi vutoli.

Kamakina koyezera shuga kamangokuuzani za shuga amene ali m'magazi pa mphindi imene mwabaya chala. Ululu wa m'mapazi ukuchokera kwina: ku zimene maselo (tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso topanga thupi) a minyewa akhala akuchita ndi shuga ndi mafuta kwa zaka zambiri, ndiponso ku zinyalala zimene zatsalira pa ntchitoyo. N'chifukwa chake nambala ikhoza kutsika m'milungu yochepa, mapazi n'kumatenthabe.

Selo la mnyewa umene umamva za kuchala chachikulu chakuphazi silili kuphazi. Mutu wake uli m'mphepete mwa msana, m'chiuno, ndipo kuchokera pamenepo limatambasula kaulusi kamodzi kotalika pafupifupi mita imodzi mpaka kukafika pakhungu la chala. Zofunika zambiri zimapangidwa kumutu kwa selo n'kumatumizidwa mtunda wonsewo, ndipo ulendo umenewo umadya mphamvu. Zili ngati nyumba yomaliza pa paipi ya madzi: madzi akachepa kuthanki, mpope wa nyumba imeneyo ndi umene umayamba kuuma. Choncho matendawa amayambira kuzala, mapazi onse awiri pamodzi, n'kumakwera pang'onopang'ono. Akafika cha m'mawondo ndi pamene zala zakumanja zimayambanso. Timinyewa toyamba kuvutika ndi tating'ono kwambiri, timene timanyamula uthenga wa ululu ndi wa kutentha kapena kuzizira.

Minyewa ili ndi tsoka lina. Minofu ndi mafuta a m'thupi amadikira insulin kuti iwatsegulire khomo shuga asanalowe, koma maselo a minyewa alibe mlonda wotero. Shuga akachuluka m'magazi, amachulukanso m'kati mwa selo, lifune lisafune. Selolo limayesetsa kumutaya kudzera m'njira zam'mbali, ndipo njira zimenezo ndi zimene zimaliwononga.

Njira imene akatswiri anayamba kuitulukira ndi ya enzyme (puloteni yofulumizitsa kusandutsa zinthu m'selo) yotchedwa aldose reductase, imene imasandutsa shuga kukhala sorbitol, amene kenako enzyme ina imamusandutsa kukhala fructose. Poyamba ankaganiza kuti vuto ndi sorbitol amene amaunjikana m'selo n'kumakoka madzi. Panopa tikudziwa kuti vuto lalikulu ndi mtengo wa ntchitoyo. Enzyme imeneyi imadya chinthu chotchedwa NADPH, chomwe selo limachifunanso pokonzanso glutathione, mankhwala ake achibadwa odzitetezera ku zinthu zowononga. Makampani anapanga mankhwala ambiri otseka njira imeneyi. Pa makoswe ankagwira ntchito mosangalatsa, koma pa anthu anakhumudwitsa. Ena, monga tolrestat, anachotsedwa pamsika chifukwa ankawononga chiwindi. Amene anatsala ndi epalrestat, amene amagwiritsidwa ntchito ku Japan kuyambira 1992 ndi m'mayiko ena ochepa a ku Asia. Ine ndimaona kuti nkhani imeneyi inatiphunzitsa kuti kutseka njira imodzi sikukwanira pamene njira zowononga zili zingapo.

Mu 2001, katswiri wa ku New York, Michael Brownlee, anafotokoza mmene njirazi zimakumanirana. M'selo muli tizigawo totchedwa mitochondria timene timawotcha chakudya n'kupanga mphamvu. Tikapatsidwa chakudya chopitirira muyezo, timatulutsa superoxide, mtundu wa okosijeni wolusa umene umawononga mapuloteni, mafuta ndi DNA. Selo likamayesa kukonza DNA yowonongekayo, enzyme ina yofunika pogaya shuga imafooka, ndipo shuga wogayidwa mwatheka amaunjikana n'kusefukira m'njira zam'mbali zija. Timitsempha ta magazi timene timadyetsa mnyewa timavutikanso chimodzimodzi: makoma ake amakhuthala, magazi amachepa, ndipo mnyewa umasowa okosijeni pa nthawi imene ukuufuna kwambiri.

Zonsezi zikufotokoza chifukwa chake mnyewa umafota. Koma mnyewa wofota uyenera kuchita dzanzi, osati kupweteka. Ululu ukuchokera kuti?

Apa m'pamene pakubwera chinthu chotchedwa methylglyoxal. Selo lililonse likamagaya shuga, kachigawo kochepa kamasweka molakwika n'kukhala methylglyoxal, chinthu chomata chimene chimadziphatika ku mapuloteni n'kusintha kagwiridwe kake ka ntchito. Thupi lili ndi enzyme yochichotsa, glyoxalase 1, koma minyewa ili nayo yochepa, ndiponso enzyme imeneyi singagwire ntchito popanda glutathione, yemwe wachepa kale chifukwa cha njira ya sorbitol ija. Mu 2012, gulu la Angelika Bierhaus ndi Peter Nawroth ku Heidelberg, ku Germany, linasonyeza kuti methylglyoxal amamatirira ku kakhomo kotchedwa Nav1.8, kamene kali pa minyewa yomva ululu. Kakhomo kameneka kamalowetsa sodium m'selo kuti mnyewa uwombe uthenga wopita kuubongo. Methylglyoxal akakamatirira, kamatseguka msanga, ndipo mnyewa umayamba kuwomba popanda chimene chauputa. Gululi linapeza kuti odwala shuga amene ankamva ululu anali ndi methylglyoxal wochuluka m'magazi kuposa amene sankamva ululu, ndipo mbewa zikabayidwa chinthuchi zinkayamba kumva ululu pa kutentha kochepa. Magulu ena anapezanso kuti methylglyoxal amadzutsa kakhomo kena, TRPA1, kamene kamamva kuluma kwa adyo wamuwisi ndi utsi. Kafukufuku wotsatira pa anthu sanagwirizane yense pa kukula kwa gawo la methylglyoxal, ndipo palibe chipatala chimene chimamuyeza pofuna kusankha mankhwala. Komabe kutulukira kumeneku kunasonyeza poyera kuti zotsalira za kagayidwe ka shuga zikhoza kudzutsa ululu pazokha, mnyewa usanafe n'komwe.

Minyewa ya kumapazi ikakhala ikuwomba mauthenga abodza kwa miyezi, msana nawo umasintha. Maselo a m'msana amene amalandira uthenga wa ululu amayamba kuukuza, ndipo amene ntchito yawo ndi kuuziziritsa amafooka. Zikafika apa, uthenga wa kukhudza wamba umalowa m'njira ya ululu. Ndilo bulangete lanu lija. Si maganizo chabe, ndipo musalole wina akuuzeni kuti mukungodandaula. Usiku ululu umakula mwa zina chifukwa palibe china chopikisana nawo m'minyewa, ndiye kusowa tulo nakonso kumawonjezera ululu wa tsiku lotsatira.

Za alamu anuwo: kusamva ululu sikutanthauza kuti minyewa yawo ili bwino. Kukula kwa ululu sikuyenderana ndi kukula kwa kuwonongeka. Pali anthu amene minyewa yawo inatheratu koma sanamvepo ululu, anangoona patapata akuvuka osadziwa, kapena anapeza chilonda kuphazi chimene sakudziwa kuti chinayamba liti. Kusiyana kumeneku kumachokera mwa zina ku chibadwa, pakuti timakomo ta sodium sitifanana mwa anthu onse. Ululu umapezekanso kwambiri mwa amayi ndi mwa anthu onenepa. Munthu wa dzanzi ndiye ali pa chiopsezo chachikulu cha zilonda ndi kudulidwa mwendo. Auzeni akapita kukiliniki avule nsapato, ayezedwe mapazi ndi kaulusi ka pulasitiki ka magalamu 10 kamene timagwiritsa ntchito. Sizitenga mphindi zisanu.

Tsopano nkhani imene ambiri samaimva kukiliniki: shuga si yekha. Mu 1993, kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada wotchedwa DCCT, wa anthu 1,441 odwala shuga wa mtundu woyamba, uja woyamba paubwana, anasonyeza kuti kusunga shuga pafupi ndi mlingo woyenera kunachepetsa kuwonongeka kwa minyewa ndi 60 peresenti. Aliyense ankayembekezera kuti zikhala chimodzimodzi kwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri, umene mwachionekere ndi wanu. Sizinatero. Kafukufuku wamkulu pa mtundu wachiwiri anapeza kuti kutsitsa shuga kwambiri kumateteza minyewa pang'ono chabe. Komanso pali anthu amene minyewa imayamba kuwonongeka shuga wawo asanafike n'komwe pa mlingo wotchedwa matenda.

Chosowacho ndi mafuta. Solomon Tesfaye, dokotala wochokera ku Ethiopia amene amagwira ntchito ku Sheffield, anatsogolera lipoti la 2005 la odwala oposa 1,100 a ku Ulaya amene anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi 7. Kupatula shuga, zimene zinkalosera amene adzawonongeke minyewa zinali mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides, kolesterolo, kunenepa, kusuta fodya ndi BP. Gulu la Eva Feldman ku University of Michigan lasonyeza mmene zimachitikira: mafuta ena, makamaka olimba aja a nyama, akachuluka amalemetsa mitochondria a minyewa mpaka amalephera kuyenda m'kaulusi kukafika kumapazi. Maselo okuta mnyewa, otchedwa Schwann, akadzazidwa mafuta amayamba kutulutsa zotsalira zimene zimavulaza mnyewa womwe amayenera kuusamalira. Ndiponso insulin, kupatula kutsitsa shuga, ndi chakudya chokulitsa minyewa. Thupi likasiya kumvera insulin, monga zimakhalira pa mtundu wachiwiri, minyewa imataya thandizo limenelo.

Pali mbali yatsopano imene ndimaitsatira mwachidwi. Thupi limapanga mafuta apadera omangira makoma a minyewa pogwiritsa ntchito serine, kamodzi mwa tizidutswa topanga mapuloteni. Serine akachepa, enzyme yomanga imatola alanine m'malo mwake, ndipo chotuluka ndi mafuta opotoka otchedwa deoxysphingolipids amene thupi limavutika kuwaphwanya ndipo ndi poizoni ku minyewa. Izi zinadziwika koyamba pa matenda ena osowa akumtundu otchedwa HSAN1, kenako mafuta omwewo anapezeka ochuluka mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Mu 2023, gulu la Christian Metallo ku Salk Institute, ku California, linasonyeza kuti mbewa za shuga zimataya serine mofulumira m'chiwindi, kuti kuchepa kwa serine pamodzi ndi chakudya chamafuta kumafulumizitsa kufota kwa timinyewa ta pakhungu, ndiponso kuti kuwonjezera serine m'chakudya kunachedwetsa vutolo. Zimenezi ndi za mbewa. Musathamangire kugula mabotolo a pa Facebook olonjeza kumeretsa minyewa. Tinaona kale mmene mankhwala ochiza makoswe amakanikira pa anthu.

M'kalata yanu muli mfundo imodzi imene ndikufuna muifotokoze bwino kwa dokotala wanu: ululu unakula liti poyerekeza ndi tsiku limene munayamba insulin? Shuga amene wakhala wokwera kwa zaka akagwa mofulumira, minyewa ikhoza kuyamba kupweteka koopsa pasanathe miyezi iwiri. Vutoli linalembedwa koyamba mu 1933, ndipo kwa nthawi yaitali linkaonedwa ngati losowa. Mu 2015, Christopher Gibbons ndi Roy Freeman a ku Boston anaunika odwala 954 otumizidwa kwa iwo ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse anali nalo. Ankayang'ana HbA1c, muyeso wosonyeza mmene shuga wakhalira kwa miyezi itatu. Ikatsika ndi mapointi 2 mpaka 3 m'miyezi itatu, chiopsezo chinali cha m'ma 20 peresenti. Ikatsika ndi mapointi oposa 4, chinkapitirira 80 peresenti. Kuchoka pa 300 kufika pa 130 n'kugwa kwakukulu ngati kunachitika m'milungu yochepa. Vuto si insulin yeniyeniyo, chifukwa zimachitikanso ndi mapiritsi ngakhale ndi kusala zakudya kopitirira. Vuto ndi liwiro. Nthawi zambiri limabwera ndi chizungulire poimirira, kutuluka thukuta mosadziwika bwino kapena kusokonezeka kwa m'mimba, ndipo maso akhoza kuipiraipira pa nthawi yomweyo, choncho mukayezetse maso. Ululu wa mtundu uwu kawirikawiri umazilala pakapita chaka kapena chaka ndi theka shuga akakhazikika. Musasiye insulin, ndipo musakwezenso shuga dala. Kukwera ndi kutsika ndi kumene kumavulaza kwambiri.

Tisanaloze chala shuga yekha, pali zina zofunika kuzifufuza, ndipo kuno kwathu zimapezeka kawirikawiri. Metformin akamwedwa kwa zaka amachepetsa vitamini B12, ndipo kusowa kwa B12 kumawononga minyewa m'njira yofanana kwambiri. Inu mwamwa kwa zaka 8, ndiye pemphani kuyezedwa. Ngati kuyeza kulibe, dokotala akhoza kukupatsani B12 poyesa, makamaka ngati magazi ndi ochepa kapena simudya kawirikawiri nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Si chifukwa chosiyira metformin, amene ndi mankhwala abwino, ndipo kafukufuku wina anasonyeza kuti amatsitsanso methylglyoxal. Isoniazid, wa m'mankhwala a TB ndi oteteza TB, amadya vitamini B6, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine, yemwe ndi B6 yemweyo. HIV payokha imawononga minyewa, ndipo amene anamwa ma ARV akale okhala ndi stavudine, amene dziko lino linawasiya cha m'ma 2013, ambiri anatsala ndi mapazi otentha mpaka lero. Mowa, makamaka kachasu, ndi poizoni wa minyewa. Impso zofooka ndi chithokomiro chaulesi nazonso zimachita zomwezo. Chenjezo limodzi pa mavitamini ogula nokha: B6 wochuluka akamwedwa kwa miyezi amawononga minyewa yomwe mukufuna kuchiza.

Panado ndi Brufen sathandiza chifukwa amalimbana ndi ululu wa kutupa ndi kuvulala, pamene wanu ukuchokera ku mnyewa wowomba molakwika. Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi oopsanso ku impso za munthu wa shuga. Mankhwala amene amathandiza ndi amene amakhazika mtima pansi minyewa ndi msana. Wopezeka mosavuta m'zipatala zathu ndi amitriptyline. Amayambidwa pa mlingo wochepa, 10 kapena 25 mg usiku, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono. Ena amakhumudwa akawerenga kuti ndi mankhwala a matenda a nkhawa. Pa mlingo uwu akugwira ntchito yolimbitsa njira za m'msana zoziziritsa ululu. Amaumitsa kukamwa, amagonetsa, amadzimbitsa, ndipo sayenera kwa amene ali ndi vuto la mtima, matenda a maso otchedwa glaucoma kapena kuvutika kukodza. Ena ndi gabapentin, pregabalin ndi duloxetine, okwera mtengo ndipo awiri oyambawo amafuna kuchepetsedwa mlingo impso zikafooka. Kafukufuku wa ku Britain wa 2022 wotchedwa OPTION-DM, wotsogozedwa ndi Tesfaye yemwe uja, anayerekeza amitriptyline, duloxetine ndi pregabalin ndipo anapeza kuti amathandiza mofanana, komanso kuti mmodzi akalephera kukwanira, kuphatikiza awiri kumawonjezera mpumulo. Ndiye wotsika mtengo si wotsika ntchito. Apatseni milungu ingapo musanaweruze. Cholinga chenicheni ndi kuchepetsa ululu ndi theka kuti mugone ndi kuyenda, kuutheratu n'kosowa. Tramadol ndi morphine sindimawalimbikitsa pa vutoli, chifukwa phindu lake silikhalitsa koma chizolowezi chake chimakhalitsa. Mankhwala otseka kakhomo ka Nav1.8 kaja, suzetrigine, anavomerezedwa ku America mu January 2025 pa ululu wa kanthawi ngati wa pambuyo pa opaleshoni, ndipo akuyesedwa pa ululu wa minyewa ya odwala shuga.

Palibe mwa mankhwalawa amene amakonza mnyewa. Chimene chasonyeza kuti chikhoza kumeretsanso timinyewa ta pakhungu ndi chinthu chosagulitsidwa kufamase. Mu 2006, Gordon Smith ndi Robinson Singleton ku Utah anatsatira anthu amene shuga wawo anali atangoyamba kusokonezeka ndipo minyewa itayamba kuwonongeka. Patatha chaka cha kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, timinyewa ta pakhungu tinachuluka ndipo ululu unachepa. Anali anthu ochepa, ndipo matenda awo anali asanapite patali ngati anu, koma zikugwirizana ndi zonse ndafotokozazi: minofu yogwira ntchito imawotcha shuga ndi mafuta amene akanakathera m'minyewa. Kwa inu zikutanthauza kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku ambiri pa mlungu mutavala nsapato zotseka zosathina, kuchepetsa mimba ngati yakula, nsima ya mgaiwa yochepa ndi ndiwo zamasamba zambiri, nyemba ndi usipa m'malo mwa nyama yonona ndi zokazinga, kusiya zakumwa zotsekemera ndi thobwa lothira shuga, ndiponso kusamala BP ndi kolesterolo ndi mtima womwewo umene mumasamalira shuga. Popeza muli pa insulin, muziyenda ndi siwiti m'thumba kuopera shuga kutsika kwambiri.

Phazi lotentha likhoza kukhala ladzanzi pa nthawi yomweyo. Musaliviike m'madzi otentha, musaliwothetse pambaula m'nyengo yozizira ya ku Zomba, ndipo musalole kutemedwa mphini kapena kupakidwa mankhwala oluma pakhungu. Madzi osamba muziyesa ndi chigongono. Usiku uliwonse yang'anani kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala, ndipo gwedezani nsapato musanavale. Ngati bulangete likuvuta, ikani katoni kapena kampando kumiyendo kwa bedi kuti lisagone pamapazi.

Musadikire tsiku la kiliniki mukaona chilonda, chithuza, kutupa kapena kusintha mtundu kwa phazi. Chimodzimodzi ngati ululu uli mwendo umodzi wokha, ngati ukuchokera kumsana n'kutsika, ngati ntchafu yayamba kuwawa ndi kufooka inu mukuonda, ngati phazi likukwekwereza poyenda, kapena ngati akatumba amapweteka mukayenda n'kusiya mukaima. Zimenezo zimaloza ku mnyewa wopanikizika, ku mtundu wina wa kuwonongeka kwa minyewa, kapena ku mitsempha ya magazi yotsekeka, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi kafufuzidwe ndi chithandizo chakechake.